Wopereka uphungu asasanduke nkhoswe yachitatu

Nthawi iliyonse apolisi akalengeza chiwerengero cha anthu amene adzipha, n'kuwonjezera kuti ambiri ndi amuna ndipo kuti mavuto a m'banja ndi ngongole zimatchulidwa kawirikawiri ngati zifukwa, mkangano umodzimodziwo umabukanso pa wailesi ndi pa Facebook. Ena amati mabanja azipita kuchipatala kukalandira uphungu zinthu zisanafike poipa. Ena amati zimenezo n'zachizungu, ife tili ndi ankhoswe, tili ndi alangizi a kumpingo, ndipo za m'nyumba sizingakakambidwe pamaso pa mnyamata wa chikhoti choyera amene mwina sanakwatire n'komwe. Ine ndili mbali ya oyambawo, koma osati pa zonse zimene amanena. Ndikuvomera kuti achipatala ali ndi gawo pa nkhani za mabanja. Chimene ndikukana ndi maganizo oti aliyense amene anaphunzira za thanzi la maganizo angadzuke mawa n'kuyamba kulandira mwamuna ndi mkazi m'chipinda chimodzi. Kuthandiza anthu awiri amene sakumvana ndi luso lapalokha, ndipo phunziro lake loyamba ndi lotivuta kwambiri ife amene tinakulira pa mabwalo a milandu: kukana kuweruza nkhani imene eni ake abwera nayo kuti iweruzidwe. Wopereka uphungu amene sanaphunzire zimenezi amasanduka nkhoswe yachitatu, ndipo pa ntchito ya unkhoswe ankhoswe enieniwo amamuposa kutali.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene ntchitoyi ikusiyanira ndi uphungu wa munthu mmodzi. Namwino kapena wopereka uphungu amene anaphunzira ku St John of God ku Mzuzu, kapena amene anadutsa pa chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, anaphunzitsidwa chinthu chabwino zedi: kukhala kumbali ya wodwala, kumumvetsera osamudula mawu, kumusonyeza kuti zimene akumva mumtima n'zomveka. Luso limeneli limapulumutsa miyoyo m'chipinda mukakhala munthu mmodzi. Koma mukalowa awiri, luso lomwelo lingathe kuwononga ntchito yonse m'mphindi khumi zoyamba. Taganizirani banja lalowa. Mayi ayamba: "Adokotala, awa ndiye ndatopa nawo. Akalandira malipiro sawoneka pakhomo, ngongole ya banki m'khonde ndabweza ndekha, ana abwezedwa kusukulu." Misozi ili chuchuchu. Bambo akhala chammbali, kapu ili pabondo, maso ali pa kalendala ya pakhoma. Wongoyamba kumene ntchito achita zimene anaphunzira: asendeza mpando kufupi ndi mayi, atsitsa mawu, "Pepani mayi, zimenezi n'zowawa." Palibe cholakwika m'mawu amenewo. Koma bambo aja aona zonse ndipo awerenga kale kuti muno muli awiri olimbana ndi mmodzi. Akafunsidwa kuti, "Nanga inu bambo mukuti bwanji?" yankho lake ndi lakuti, "Palibe, anena kale awa." Sabata yotsatira bamboyo sabwera, ndipo mayi uja amakamva kunyumba kuti anakachititsa mwamuna wake manyazi kwa anthu.

Wodziwa ntchito amayamba mwina. Asanamve dandaulo lililonse amauza onse awiri mmene zinthu ziyendere: kuti aliyense apatsidwa mpata wofanana, kuti iye azidula mawu nthawi zina ndipo asakhumudwe nazo, kuti sanakhale pampandopo kuti apeze wolakwa. Mayi akalankhula kwa kanthawi amawaimitsa mwaulemu: "Mayi, ndamva za ndalama ndi za ana, ndipo tibwererako. Ndikuimitsani kaye, osati chifukwa ndakana zimene mwanena, koma ndikufuna ndimvenso bambo akufotokoza mmene iwo akuonera pakhomo pawo." Ndipo kwa bambo sayamba ndi funso loti ayankhe mlandu. Amawafunsa chimene chawachititsa kuti avomere kubwera, ndi chimene iwowo akufuna chitasintha. Ntchitoyi ili ngati kuyendetsa ngolo ya ng'ombe ziwiri: ukangolimbikira imodzi, ngolo imakhotera kutchire. Ophunzitsa uphungu wa mabanja m'mayiko ambiri amagwirizana pa mfundo iyi, kuti mmodzi mwa awiriwo akangomva kuti wowathandiza wakondera, kawirikawiri uphunguwo umathera pomwepo.

Tsono tiyeni timve otsutsa, ndipo ndiyambe ndi a ankhoswe poti ndiwo ambiri. Mfundo yawo si yachibwana. Akuti nkhoswe imadziwa mabanja onse awiri, imadziwa kumene mkwiyo wa mwamunayo unachokera ndi mmene mkaziyo anakulira. Silipiritsa. Ikalankhula imamveka, chifukwa ndi amalume kapena achimwene, ndipo mawa mukakumana nayo pamaliro. Amawonjezeranso mwambi uja woti banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, kutanthauza kuti mlendo wosadziwika mbiri yake akalowa m'nkhani za m'nyumba amangopasula. Zonsezi ndikuzilemekeza. Komabe tiyang'ane mmene unkhoswe unapangidwira. Pali nkhoswe ya kuchimuna ndi nkhoswe ya kuchikazi, ndipo iliyonse imabwera itaimira mbali yake. Ntchito yawo ndi kumva mlandu, kupeza amene waphonya, kumudzudzula, kumupepesetsa, anthu n'kubwerera m'nyumba. Pa nkhani zokhala ndi wolakwa woonekeratu, monga mkamwini amene wanyoza apongozi, njira imeneyi imagwira ntchito ndipo palibe wachipatala angaipose. Koma nkhani zambiri zimene zimadya mabanja sizikhala za mtundu umenewo, ndipo zina munthu sangazitchule pamaso pa amalume ake. Mwamuna amene matenda a shuga amufooketsa kuchipinda sauza nkhoswe, amangoyamba kufika usiku mkazi atagona, ndipo mlandu umene umafika kwa ankhoswe ndi wa kuchedwa kubwera. Mayi amene wagwidwa ndi matenda okhumudwa atangobereka amaoneka ngati waulesi ndi wamwano, ndipo ankhoswe amamulangiza kuti azilemekeza mwamuna. Apa sipakufunika woweruza wina. Pakufunika munthu wodziwa matenda amene angathenso kukhala ndi awiriwo osatenga mbali. Tisaiwalenso kuti m'matauni muno ankhoswe ambiri anasankhidwa kuti akasaine tsiku la ukwati basi, ndipo lero mmodzi ali ku Johannesburg, winayo nambala yake inasintha.

Izi sizikutanthauza kuti wopereka uphungu aziiwala kuti ankhoswe alipo. M'malo mwake, limodzi mwa mafunso oyambirira liyenera kukhala lakuti, "Nkhaniyi inafikako kwa ankhoswe? Anati chiyani?" Yankho lake limaulula zambiri: amene anagamulidwa kuti ndi wolakwa amabwera kuchipatala ndi bala, ndipo amene anawina amabwera kufuna chidindo chachiwiri. Afunsenso kuti nyumba imene akukhalamo ili pa malo a yani. Mwamuna wa pachikamwini ku Dedza, amene akudziwa kuti zikavuta anyamula chikwama chake n'kusiya nyumba imene anaumbira yekha njerwa, sakangana mofanana ndi mwamuna wa ku Mzimba amene anapereka malowolo ndipo mkazi ali pakati pa abale a mwamunayo. Mabuku a uphungu olembedwa ku America sanena za chikamwini ndi chitengwa, koma wongoyamba ntchito kuno akapanda kufunsa zimenezi sangamvetse kuti ndani mwa awiriwo akuopa kutaya chiyani.

Otsutsa achiwiri ali m'chipatala momwemo. Awa amati, "Ife mabanja tinayamba kale kuwaona. Timayeza magazi mwamuna ndi mkazi limodzi, timawauza zotsatira ngakhale zitasiyana, kusikelo timalandira abambo operekeza akazi awo. Luso lina lachilendo lichokera kuti?" Pali zoona pamenepa, ndipo amene anauzapo banja kuti mmodzi ali ndi kachilombo ka HIV pamene winayo alibe, banjalo n'kutuluka likuyendera limodzi, ali ndi poyambira pabwino kuposa anzake. Koma kukumana kumeneko kumakhala kwakufupi, kuli ndi ndondomeko yolembedwa, ndipo nkhani yake ndi imodzi yodziwika. Uphungu wa banja ndi wina, chifukwa anthu amabweretsa ndewu yawo yeniyeni m'chipindamo n'kuyamba kuichita pamaso pako. Apa m'pamene pakufunika luso lachiwiri, lomwe ndi kusiya kutsatira nkhani imene akukanganirana n'kuyamba kuona mmene akukanganirana. Sue Johnson ndi Les Greenberg, amene anayambitsa njira ya uphungu wa mabanja yotchedwa Emotionally Focused Therapy ku Canada m'zaka za m'ma 1980, ndi ena mwa amene anaonetsa kuti mabanja ambiri osamvana amazungulira m'njira imodzimodzi: mmodzi amalondola ndi madandaulo, winayo amathawa pokhala chete kapena kutuluka, ndipo kuthawako kumakulitsa kulondola, kulondolako n'kukulitsa kuthawa. Lero ndi ndalama, mawa ndi foni, mkuja ndi mlamu amene wakhalitsa pakhomo, koma kazunguliridwe kake n'komweko. Wongoyamba ntchito amamira m'nkhani ya ndalamayo, n'kuyamba kuwerengera banja bajeti. Wodziwa amanena kuti, "Ndaona chinthu. Mayi mukakweza mawu, bambo mumayang'ana kumbali. Bambo mukayang'ana kumbali, mayi mumakwezanso kwambiri. Kodi kunyumba zimayendanso chonchi?" Nthawi zambiri apa m'pamene awiriwo amavomerezana koyamba chilowereni m'chipindamo. Kuchokera pamenepo angathe kufunsa mayi chimene amamva mumtima bambo akatembenuka, ndipo kawirikawiri pansi pa ukaliwo pamapezeka mantha oti atsala okha ndi ana. Angathenso kufunsa bambo chimene chimawachitikira mawu akakwera, ndipo pansi pa kukhala cheteko pamapezeka manyazi a munthu amene akudziona kuti walephera kusamala banja.

John Gottman, amene kwa zaka zambiri ankaonerera mabanja akukambirana ku University of Washington uku akuwayeza kugunda kwa mtima, anatchula makhalidwe anayi amene amaonetsa kuti banja lili pangozi: kudzudzula umunthu wa mnzako m'malo modandaula za chimene wachita, kunyoza, kudziikira kumbuyo, ndi kutseka pakamwa osayankha. Pa anayiwa, kunyoza ndiko kunkalosera kwambiri kutha kwa banja. Anapezanso kuti mtima ukayamba kugunda kupitirira maulendo pafupifupi 100 pa mphindi munthu samvanso zimene mnzake akunena, ndipo pamafunika kupuma mphindi zosachepera 20 kuti thupi likhazikike. Phindu la zimenezi kwa wongoyamba ntchito ndi lakuti zimamupatsa chilolezo chochita chinthu chimene ulemu wathu umatiletsa: kudula mawu munthu wamkulu. Mtsikana wa zaka 26 amene akuthandiza banja la msinkhu wa makolo ake amaona ngati n'chipongwe kunena kuti, "Bambo, taimani kaye." Koma akalola kuti anthu atukwanane kwa theka la ola iye ali duu, wawapatsa zomwe ali nazo kale kunyumba, ndipo awonjezera ndalama ya minibasi. Ndichenjeze pano kuti mabanja amene Gottman ankawaonerera anali a ku America, choncho zizindikiro zake sizingakopedwe mmene zilili. Mayi wa kuno amene sakuyang'ana mwamuna wake m'maso mwina akungosonyeza ulemu, osati kumutsekera kunja. Ndipo kunyoza kwathu kuli ndi maonekedwe ake: kutsonya, kusintha mwadzidzidzi kuchoka pa "inu" kupita pa "iwe", kapena kukumbutsa mnzako kuti kwawo ankagona pa chiguduli. Khutu lozindikira zimenezi wachipatala wa kuno ali nalo kale. Chimene akusowa ndi kulimba mtima kuti aimitse zokambiranazo akazimva.

Otsutsa achitatu ndi amene ndikuwaopa kwambiri, chifukwa pa mfundo yawo yaikulu akunena zoona. Awa ndi omenyera ufulu wa amayi, ndipo akuti kusatenga mbali ndi mantha ovala suti. Akuti m'mabanja ambiri mulidi wolakwa, ndipo wolakwayo amamenya. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ndi chiwerengero chotere, akutero iwo, kukhazika mwamuna ndi mkazi pamodzi n'kumawauza kuti aliyense ali ndi gawo lake pa vutoli ndi kuuza womenyedwa kuti nayenso anachititsa. Choopsa kwambiri n'chakuti mayi akaulula za kumenyedwa mwamuna ali pomwepo, madzulo ake akalipira. Yankho langa ndi lakuti mfundo imeneyi sikugwetsa zimene ndikunena, koma ikusonyeza chifukwa chake wosaphunzira sayenera kuyamba ntchitoyi. Luso lachitatu, limene kwa ine ndilo losakambirana, ndi kuonana ndi aliyense payekha uphungu wa awiri usanapitirire. Njira zingapo zodziwika za uphungu wa mabanja zimayamba chimodzimodzi: kukumana ndi onse awiri kamodzi, kenako mkazi payekha ndi mwamuna payekha, ndiyeno kuwaitananso pamodzi kuti amve zimene wowathandiza waona ndi mmene ntchito iyendere. Kuti mwamuna asakayike, zimanenedwa tsiku loyamba kuti, "Ndimachita chonchi ndi banja lililonse." Ndipo mayi akakhala yekha safunsidwa mozungulira. Funso loti "Kodi kunyumba kuli nkhanza?" ambiri amayankha kuti ayi, poti kwa iwo mbama imodzi si nkhanza. Mafunso ake ndi awa: "Mukakangana, zinafikapo pokankhana kapena kumenyana? Anakugwiranipo pakhosi? Mumawaopa? Foni yanu ndi ndalama zanu amasunga ndani? Mungapite kwa amayi anu osapempha chilolezo?" Mwamunanso afunsidwe chimodzimodzi, chifukwa alipo amuna amene akumenyedwa ndi kunyozedwa koma sangayerekeze kunena. Pa kukumana komweku m'pamenenso amafunsidwa aliyense za mowa, za tulo, komanso mosabisa mawu ngati anaganizapo zodzipha.

Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Michael P. Johnson, mu 1995 anasiyanitsa mitundu iwiri ya nkhanza za m'banja, ndipo kusiyanitsa kumeneku n'kothandiza kwa wachipatala. Pali ndewu imene imabuka mkangano ukakula, popanda mmodzi wolamulira moyo wa mnzake. Ndiye pali nkhanza imene ili chida cholamulira: mwamuna amene amaopseza, amalanda foni, amaletsa mkazi kucheza ndi abale ake, amamuwerengera mphindi zochokera kumsika. Pa mtundu woyambawo akatswiri amasiyana maganizo, ena amalola uphungu wa awiri ngati ndewuyo ndi yaing'ono, palibe amene akuopa mnzake, ndipo onse avomera kuti kumenyana kuthe kaye. Koma pa mtundu wachiwiriwo palibe uphungu wa awiri. Mayiyo amathandizidwa payekha, amakonza naye mmene angadzitetezere, amauzidwa za Victim Support Unit ya apolisi, za malo othandizira ochitiridwa nkhanza otchedwa Chikwanekwane amene ali m'zipatala zikuluzikulu, ndi za lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 limene limalola khoti kupereka chiletso chomuteteza. Zimene waulula sizibwerezedwa kwa mwamuna. Choncho kusaweruza kumene ndikunena kuli ndi malire ake. Wopereka uphungu saweruza kuti ndani akulondola pa nkhani ya ndalama ya feteleza, koma amanena poyera kuti kumenya ndi udindo wa womenyayo yekha, ndipo sakuika m'gulu la zinthu zimene awiri amachititsana. Amene sanaphunzitsidwe kusiyanitsa ziwirizi amagwera mbali imodzi mwa ziwiri: kuweruza chilichonse kapena kusaweruza ngakhale chibakera.

Pali ena amene amadandaula kuti kuonana ndi aliyense payekha kumabala zinsinsi, ndipo n'zoona. Bambo akangotsala okha amati, "Izi musakawauze mayi, koma ndili ndi mwana kwina." Kapena mayi amaulula kuti anatenga katapila ndipo chikole chake ndi firiji ya m'nyumba. Wongoyamba ntchito amavomera kusunga, kenako amapezeka wakhala pakati pa awiriwo akudziwa chimene mmodzi sakudziwa, n'kumathandiza banja kukonza kukhulupirirana uku iye mwini ali m'gulu lobisa. Mankhwala ake ndi kunena lamulo la zinsinsi tsiku loyamba, munthu asanaulule kanthu. Akatswiri sagwirizana pa lamulo limodzi, koma limene ine ndikuliona loyenera ndi ili: "Sindikaulula m'malo mwanu, koma sindingapitirize uphungu wa awiri nditasunga chinsinsi chimene chikuwononga ntchito yomwe mwabwerera. Ndikuthandizani kupeza njira yonenera nokha." Za nkhanza sizilowa m'lamulo limeneli, pa chifukwa chomwe ndanena kale, ndipo za HIV zimatsata malamulo a chipatala osunga chinsinsi cha wodwala.

A kumpingo ena ali ndi nkhawa ina, yoti achipatala alibe chikhulupiriro choti ukwati ndi wosatha, choncho amafulumira kuuza anthu kuti asiyane. Ndikuwamvetsa, ndipo wopereka uphungu amene amanyoza chikhulupiriro cha anthu amene akuwathandiza walephera ntchito. Koma kulangiza anthu kuti asudzulane ndi kuweruza, ndipo kuwalamula kuti apirire ndi kuweruzanso. Zonse ziwiri si zake. Chake ndi kufunsa aliyense payekha kuti mtima wake uli pati, chifukwa nthawi zina mmodzi amabwera kudzakonza pamene winayo anatuluka kale mumtima ndipo wabwera kuti abale adzanene kuti anayesetsa. Kuyamba kuphunzitsa banja lotere kalankhulidwe kabwino ndi kutaya nthawi ya onse. Ntchito yoyamba pamenepo ndi kuthandiza wokayikayo kuti aganize bwino ngati akufuna kuyesa, ndipo ngati chikhulupiriro chake chili mbali ya yankho lake, chilowe m'zokambiranazo. Abusa ndi ashehe amene amatumiza mabanja kuchipatala akaona kuti pali mowa kapena matenda a maganizo sataya nkhosa. Kawirikawiri anthuwo amapitiriza kupemphera komweko.

Mfundo yomaliza ya otsutsa ndi ya chuma, ndipo ndi imene akuluakulu a zaumoyo angaikonde. Akuti ogwira ntchito za thanzi la maganizo m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, mizere ya odwala khunyu ndi misala ndi yaitali, mankhwala amasowa, ndiye kukhala ola lathunthu ndi banja limene likukangana ndi mwanaalirenji. Kuchepa kwa anthu ndi kwenikweni. Koma funso ndi lakuti, kodi mabanjawa sali kale pa mzerewo? Mayi amene amabwera mwezi ndi mwezi ndi mutu, kusowa tulo ndi mtima wothamanga, n'kupatsidwa mapiritsi, amabwerera m'nyumba yomweyo imene ikumudwalitsa. Bambo amene wagonekedwa chifukwa cha mowa amatuluka n'kukapeza mkazi amene wasunga mkwiyo wa zaka, ndipo pasanathe mwezi ali ku shabini. Palinso odwala amene amasiya mankhwala chifukwa mnzawo wa m'nyumba sanafotokozeredwe ndipo akuti mapiritsiwo ndi amene akumupusitsa. Si nkhani ya anthu olemera okha ayi. Ku Britain, bungwe la NICE limene limalangiza za chithandizo choyenera m'zipatala za boma limaika uphungu wa banja pakati pa njira zothandizira matenda okhumudwa pamene mavuto a m'banja akukolezera matendawo. Choncho ola limene lapita ku banja lingathe kuchepetsa maulendo amene wodwala mmodziyo akanabwera yekha.

Ndipo maluso amene ndatchulawa safuna makina kapena nyumba yatsopano. Amafuna kuyeserera. Masukulu amene amaphunzitsa anamwino, ma clinical officer ndi opereka uphungu, monga Kamuzu University of Health Sciences, Malawi College of Health Sciences ndi St John of God, angathe kuika ophunzira atatuatatu m'kalasi, awiri akhale banja lokangana, wachitatu ayesere kuwalandira, kuwadula mawu mwaulemu, kutchula kazunguliridwe ka mkangano wawo, ndi kufunsa za nkhanza popanda kuchita chibwibwi. Wophunzira amene wanena kuti "Bambo, taimani kaye" kangapo kwa mnzake wa m'kalasi sadzanjenjemera kwambiri podzanena kwa bambo weniweni. Chachiwiri chofunika ndi woyang'anira, munthu wodziwa amene wongoyamba ntchito angamufotokozere mmene zayendera, ngakhale pa foni. Kufunika kwake n'kwakuti kukondera sikudziwika kwa mwini wake. Mtsikana amene anakula akuona bambo ake akuzunza amayi ake adzapendekera kwa mkazi asanazindikire. Mnyamata amene chibwenzi chake chinamuthawa adzamvera chisoni mwamuna. Wokwatira amayeza mabanja a ena ndi lake. N'chifukwa chake sindivomereza zoti wosakwatira sangathandize banja. Wokwatirayo ali ndi kopendekera kwake, ndipo onse awiri akufunika wina wowafunsa kuti, "Mwa awiriwa, ndani amene wakutopetsa, ndipo chifukwa chiyani?"

Pamene maphunziro oterewa sanafike ponseponse, wachipatala amene banja lamugogodera asalibweze, koma achepetse zimene akulonjeza. Akumane ndi onse awiri, anene za mpata wofanana ndi za zinsinsi, aonane ndi aliyense payekha, afunse za nkhanza, mowa ndi maganizo odzipha, ndipo asanapangane nawo tsiku lokumananso pamodzi akambirane ndi mnzake wodziwa ntchito ngati banjali ndi loyenera uphungu wa awiri kapena aliyense athandizidwe payekha.